Bondo lachitsulo likalengezedwa kuti lili ndi vuto: mmene mungadziwire ngati lanu lakhudzidwa ndi zoyenera kuchita

Anthu ambiri amene anachitidwa opaleshoni yoika bondo lochita kupanga amakumbukira bwino tsiku la opaleshoniyo, dzina la dokotala, ngakhalenso ululu wa tsiku loyamba limene a fiziyo anawaimiritsa, koma mukawafunsa dzina la chipangizo chimene akuyendera, yankho limangokhala lakuti anawaika chitsulo. Yankho limeneli silivuta pa zaka zonse zimene bondo likugwira bwino ntchito. Limadzavuta tsiku limene kampani yalengeza kuti zina mwa zipangizo zake zili ndi vuto ndipo ikuziitanitsa, chifukwa chilengezo chotere sichitchula mayina a odwala. Chimatchula dzina la chipangizo, nambala yake, ndi nambala ya gulu limene chinapangidwira limodzi ndi zinzake, moti munthu amene alibe manambala amenewa amangotsala ndi mantha, popanda njira yodziwira ngati nkhaniyo ikumukhudza kapena ayi.

Tinene kaye kuti mawondo ambiri ochita kupanga amakhalitsa. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti pa mawondo 100 alionse oikidwa athunthu, pafupifupi 82 amakhala akugwirabe ntchito pakatha zaka 25. Zipangizo zimene zinaitanitsidwapo ndi zochepa poyerekeza ndi zonse zimene zili m'miyendo ya anthu, ndipo ngakhale pa zoitanitsidwazo, zambiri sizinafunike kuchotsedwa.

Pezani tsamba la masitika

Chimene timachitcha bondo lachitsulo si chinthu chimodzi. Pali chitsulo chokhota chimene chimavekedwa kumapeto kwa fupa la ntchafu, ndipo kawirikawiri chimakhala cha cobalt wosakaniza ndi chromium. Pali kambale kachitsulo kamene kamakhala pamwamba pa fupa la msongolo, kamene nthawi zambiri kamakhala ka titanium kapena ka cobalt ndi chromium yemweyo. Pakati pa ziwirizi pamakhala kapulasitiki kolimba ka mtundu wa polyethylene, kamene chitsulo cha kuntchafu chimatererapo munthu akamapinda ndi kuwongola mwendo, ndipo ena amaikidwanso kabatani kapulasitiki kuseri kwa kafupa ka kutsogolo kwa bondo. Zitsulozi amazimata ku fupa ndi simenti ya mafupa, kapena amaika zokhala ndi timabowo tating'onoting'ono kuti fupa limere n'kulowerera mkati mwake popanda simenti. Kusiyana konseku n'kofunika, pakuti kampani ikamaitanitsa, kawirikawiri imaitanitsa chidutswa chimodzi chokha mwa zimenezi, osati bondo lonse.

Chidutswa chilichonse chimafika m'chipinda cha opaleshoni chili m'bokosi lakelake, ndipo m'bokosimo mumakhala masitika. Namwino akatsegula bokosi amamatula sitika imodzi n'kuimata pa tsamba la m'fayilo ya wodwala, moti opaleshoni ikamatha, tsambalo limakhala ndi masitika atatu, anayi kapena asanu, ena opendekeka chifukwa anamatidwa mothamanga, kuphatikizapo ya simenti. Tsamba limeneli ndilo mukufuna. Pa sitika iliyonse muona dzina la kampani, dzina la chipangizo, saizi yake, nambala imene kutsogolo kwake kwalembedwa REF, yomwe imatchula mtundu wa chipangizocho, ndi ina ya LOT kapena SN, yomwe imatchula gulu limene chinapangidwira kapena chidutswa chenichenicho chimene chili mwa inu. Zipangizo za zaka zaposachedwapa zimakhalanso ndi nambala yaitali yotchedwa UDI.

Pitani kapena lemberani ku ofesi yosunga mafayilo a odwala pa chipatala chimene munachitidwira opaleshoni, ndipo mupemphe zinthu ziwiri, kope la tsamba la masitika ndi kope la lipoti la opaleshoni limene dokotala analemba. Kalata imene munapatsidwa potuluka m'chipatala nthawi zambiri siikwanira, chifukwa imangonena kuti munaikidwa bondo lamanja kapena lamanzere. Ngati opaleshoni inachitikira m'dziko lina, imelo yotchula dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, tsiku la opaleshoni ndi nambala yanu ya kuchipatalako imafulumizitsa zinthu. M'mayiko a European Union, lamulo latsopano la zipangizo zachipatala, limene linayamba kugwira ntchito pa 26 May 2021, limafuna kuti zipangizo zovomerezedwa pansi pa lamulolo zizibwera ndi khadi la wodwala lokhala ndi manambala amenewa, choncho ngati munapatsidwa khadi lotere, ntchito yanu yapepuka. Amene anaikidwa mawondo onse awiri apemphe mapepala a bondo lililonse payekha, chifukwa si zachilendo kuti mawondo awiri a munthu mmodzi akhale a magulu osiyana, ngakhale a makampani osiyana kumene.

Fayilo ikakhala kuti inasowa, musataye mtima msanga. Madokotala ambiri a mafupa amasunga okha buku la maopaleshoni awo, wogulitsa amene anapereka chipangizocho kuchipatala amakhala ndi malisiti, ndipo a inshulansi amene analipira nthawi zina amakhala ndi dzina la chipangizo. Dokotala wozolowera angathe kuzindikira mtundu wa bondo poyang'ana maonekedwe ake pa chithunzi cha X-ray, koma nambala ya gulu siioneka pa chithunzi. Mukapeza mapepalawo, ajambuleni pafoni, ndipo kope lina musungitse kwa wachibale.

Kuitanitsa sikutanthauza kuti chitsulo chichotsedwe

Mawu a Chingerezi amene mukumane nawo pofufuza ndi akuti recall, ndipo ku Britain ndi ku Ulaya kalata ya kampani yochenjeza zipatala imatchedwa Field Safety Notice. Mawu akuti recall amaopsa kuposa mmene ayenera kuopsera. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku United States, limawagwiritsa ntchito pamene kampani ikuchotsa katundu pamsika, komanso pamene ikungokonza malangizo kapena ikuuza madokotala kuti aziwaona pafupipafupi odwala ena. Zimene zimabwezedwa ku kampani ndi mabokosi amene adakali m'masitolo a zipatala. Za chimene chili kale m'thupi amagamula ndi wodwala pamodzi ndi dokotala wake.

FDA imaika nkhanizi m'magulu atatu. Class I ndi pamene pali kuthekera kwenikweni kwakuti chipangizocho chivulaze munthu kwambiri kapena kumupha. Class II ndi pamene vutolo lingakhale la kanthawi kapena lotheka kulikonza kuchipatala, kapena pamene mwayi wovulala kwambiri uli wochepa, ndipo Class III ndi pamene sizikuyembekezeka kuti wina avulale. Nkhani zambiri za mawondo zimagwera mu Class II. Komabe musaone mawu akuti Class II n'kuganiza kuti ndi nkhani yaing'ono, chifukwa kukonza kuchipatala kumene akunenako nthawi zina ndi opaleshoni ina yaikulu. Chitsanzo cha Class I ndi chitsulo cha kampani ya DePuy chotchedwa LPS Diaphyseal Sleeve, chimene chinkagwiritsidwa ntchito pa maopaleshoni okonzanso mawondo owonongeka kwambiri, ndipo chinaitanitsidwa mu 2013 chifukwa chinkatha kuthyoka pamalo olumikizira.

Nkhani imene yakhudza anthu ambiri m'zaka zaposachedwapa ndi ya kampani ya Exactech ya ku Gainesville, m'boma la Florida, ndipo ndi yoyenera kuimvetsa bwino chifukwa imaonetsa kumene vuto limatha kubisala. Kapulasitiki ka polyethylene kamadana ndi mpweya wa okosijeni, makamaka kakakhala kuti kanadutsa m'cheza cha gamma pofuna kupha tizilombo. Mpweya ukamakafika kwa zaka, kamafooka pang'onopang'ono n'kukhala kosachedwa kuperepeseka, kusendeka ndi kusweka, ngakhale kuti dokotala akakagwira m'manja pa tsiku la opaleshoni kamaoneka koyera ndi kosalala ngati kena kalikonse. N'chifukwa chake makampani amakatsekera m'thumba lochotsedwa mpweya, lokhala ndi magawo otchinga. Exactech inapeza kuti kuyambira mu 2004, timapulasitiki pafupifupi 80 pa 100 tilitonse tinatsekeredwa m'matumba amene analibe gawo lachiwiri lotchinga mpweya, lopangidwa ndi pulasitiki yotchedwa EVOH. Inayamba kuitanitsa mu August 2021 ndipo inakulitsa mndandanda mu February 2022, kukhudza mawondo a Optetrak, Optetrak Logic ndi Truliant, komanso chipangizo cha m'kakolo cha Vantage. Ku United States kokha, timapulasitiki toposa 147,000 tinali titaikidwa kale mwa anthu. Chimene chimandikhumudwitsa pa nkhaniyi n'chakuti cholakwa sichinali m'dzanja la dokotala kapena m'kayendedwe ka wodwala, koma m'thumba limene linaponyedwa m'bini tsiku lomwelo la opaleshoni, ndipo zimenezi zinapitirira kwa zaka 17. Kwa wodwala, mfundo yake ndi yakuti anthu awiri angakhale ndi bondo la dzina limodzi koma ali pangozi yosiyana, malinga ndi thumba limene kapulasitiki kawo kanatsekeredwamo ndi nthawi imene kanakhala pa shelefu kasanaikidwe.

Nkhani zina zimaphunzitsa kuwerenga chilengezo mpaka kumapeto. Mu December 2022 kampani ya Zimmer Biomet inaitanitsa kambale ka pamsongolo ka NexGen kotchedwa Stemmed Option, kaundula wa ku Britain wolemba maopaleshoni otere, wotchedwa National Joint Registry, ataonetsa kuti kakaphatikizidwa ndi chitsulo cha kuntchafu cha LPS Flex kapena LPS Flex GSF, anthu ankabwerera ku opaleshoni mochuluka kuposa anzawo. Anthu pafupifupi 10,000 a ku Britain anali ndi zidutswa ziwirizi pamodzi, ndipo mu February 2023 bungwe la MHRA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku Britain, linauza zipatala kuti ziwaitane adzaonedwenso. Dzina lakuti NexGen lili pa mawondo ochuluka kwambiri amene nkhaniyi sinawakhudze, choncho muyenera kuyerekeza masitika onse awiri. Chimodzimodzinso mu 2015, pamene Zimmer inaitanitsa timbale toposa 11,000 ta bondo la Persona chifukwa tinkagwedera, tinali ta mtundu woikidwa popanda simenti wotchedwa Trabecular Metal, osati Persona yense. Ndipo nthawi zina chovuta sichikhala chimene chinatsala m'thupi n'komwe. Mu 2013 zipangizo za Stryker zotchedwa ShapeMatch, zimene zinkatsogolera dokotala podula fupa, zinaikidwa mu Class I chifukwa zinkatha kudulitsa mosiyana ndi mmene dokotala anakonzera. Zipangizo zotere sizikhala m'bondo, ndiye chifukwa chake ndinati mupemphenso lipoti la opaleshoni.

Kofufuzira

Mukakhala ndi manambala m'manja, fufuzani dzina la kampani ndi la chipangizo pa mawebusaiti a mabungwe oyang'anira, monga FDA ya ku United States, MHRA ya ku Britain ndi TGA ya ku Australia. Ngakhale mutakhala kuti munachitidwira opaleshoni m'dziko lina, mabungwe amenewa ndi othandiza, chifukwa makampani akuluakulu opanga mawondo ndi ochepa ndipo amagulitsa katundu yemweyo padziko lonse. Yerekezani REF ndi REF, LOT ndi LOT, nambala imodziimodzi, ndipo ngati simukutsimikiza, tumizani chithunzi cha masitika kwa dokotala kapena kwa kampaniyo, mupemphe yankho lolembedwa. Pa intaneti, masamba amene amatuluka koyambirira mukalemba mawu akuti recall nthawi zambiri amakhala a maloya amene akufuna makasitomala. Sikuti zonse zimene amalemba n'zabodza ayi, koma amakonda kusakaniza chipangizo chimene chinaitanitsidwadi ndi china chimene anthu angochisumira kukhoti, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Musadikire kuti kalata ikupezeni. Kampani imalembera zipatala ndi madokotala, pakuti mayina a odwala siiwadziwa, ndipo chipatala chimalembera ku adiresi imene munasiya zaka khumi zapitazo. Ngati munasamuka kapena kusintha nambala ya foni, adziwitseni.

Mverani bondo lanu

Bondo lochita kupanga silikhala chete ngati lobadwa nalo. Kaphokoso kopanda ululu, ka chitsulo chikamakhudza pulasitiki, n'kofala, ndipo kufunda ndi kutupa pang'ono kumatha kupitirira kwa miyezi ingapo opaleshoni itachitika. Komanso pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse amakhalabe ndi ululu wina kapena sakhutira ndi bondo lake ngakhale chipangizo chili bwinobwino. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kusintha. Bondo limene linali bwino kwa zaka likayamba kuwawa, makamaka mukamadzuka pampando ndi kuponya mapazi oyamba, kapena likayamba kutupa mobwerezabwereza, kukhwefuka ngati likufuna kukugwetsani potsika masitepe, kukukuta mkati, kuuma, kapena mwendo ukayamba kuoneka wokhota, konzani zokaonana ndi dokotala wa mafupa m'masiku ochepa, kaya chipangizo chanu chili pa mndandanda kaya ayi. Musangoluma mano n'kumati ndi ukalamba.

Pali zizindikiro zimene sizidikira mawa. Bondo likatentha n'kufiira, thupi n'kumatentha kapena kunjenjemera, pachipsera pakamatuluka madzi kapena mafinya, kapena mukalephera mwadzidzidzi kuponda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Katumba wa mwendo akatupa n'kumawawa, kapena mukamva kupweteka pachifuwa ndi kubanika, imeneyo ingakhale nkhani ya magazi oundana, ndipo ndi ya changu kwambiri.

Chovuta n'chakuti kusamva ululu si umboni wokwanira wakuti zonse zili bwino. Kapulasitiki kakamaperepeseka kamatulutsa fumbi losaoneka ndi maso, thupi limatumiza asilikali ake kukalimbana ndi fumbilo, ndipo pa nkhondo imeneyi fupa lozungulira chitsulo limadyeka pang'onopang'ono. Madokotala amakutcha kudyeka kumeneku osteolysis, ndipo kungathe kupitirira kwa nthawi yaitali munthu akuyenda bwinobwino, mpaka tsiku limene chitsulo chasowa pogwira n'kuyamba kugwedera. Choncho ngati manambala anu agwirizana ndi a m'chilengezo, kaonedweni ngakhale simukumva kalikonse.

Kwa dokotala

Tengani tsamba la masitika, kope la chilengezo, ndi zithunzi zonse zakale za X-ray, makamaka choyamba chimene anajambula opaleshoni itangochitika. Chithunzi chatsopano pachokha chimanena zochepa, koma chikaikidwa pambali pa chakale chimanena zambiri. Dokotala amayang'ana kamzere kakuda pakati pa chitsulo kapena simenti ndi fupa, n'kuona ngati kakukula, amayang'ana ngati kambale kapendekeka kapena katitimira, ndiponso amayeza mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo. Kapulasitiki sikaoneka pa X-ray, kamangooneka ngati mpata wopanda kanthu, ndiye mpatawo ukachepa mbali imodzi, ndiye kuti kakutha. Pa chifukwa chimenechi, chithunzi chabwino ndi chimene amajambula mutaimirira, thupi likulemera pa bondolo. Nthawi zina pamafunika kujambula ndi makina a CT, amene amaonetsa fupa mwatsatanetsatane, kuti aone kukula kwa malo amene fupa ladyeka.

Musadabwe dokotala akayamba ndi kufufuza tizilombo pamene inu mwabwera ndi nkhani ya chipangizo choitanitsidwa. Munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse oikidwa bondo amalowedwa mabakiteriya m'bondomo, nthawi zina patapita zaka, ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za chitsulo chogwedera, koma chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Adzayeza magazi, makamaka CRP ndi ESR, zimene zimakwera thupi likamalimbana ndi matenda, ndipo akakayikira adzapopa madzi a m'bondo ndi singano n'kuwatumiza ku labu. Apa pali cholakwa chimene anthu ambiri amachita ndi mtima wofuna kudzithandiza, chomwe ndi kuyamba kumwa maantibayotiki asanaonedwe. Mankhwalawa amagonetsa mabakiteriya osawatheratu, moti madzi akapopedwa, ku labu sikumera kanthu, ndipo dokotala amasochera kapena amakakamizika kudikira milungu iwiri kuti ayezenso. Ngati mwamwa kale, nenani dzina la mankhwalawo ndi tsiku limene munasiya.

Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, mudziwe ngati fupa layamba kudyeka, tsiku lobweranso kudzajambulidwa, ndi chimene chingachititse kuti asinthe maganizo n'kunena kuti tsopano pakufunika opaleshoni. Pemphaninso kuti alembe m'fayilo kuti chipangizo chanu chili pa mndandanda wa zoitanitsidwa.

Kuchotsa kapena kudikira

Munthu akamva kuti ali ndi chinthu cholakwika m'thupi, mtima umafuna kuti chichoke lero lomwe. M'pomveka, koma apa kudya mfulumira kumapweteketsa. Pa nkhani ya Exactech, FDA inanena mu March 2023 kuti sikulimbikitsa kuchotsa chipangizo chimene chikugwira bwino ntchito mwa munthu amene alibe ululu watsopano kapena zizindikiro zina, ndipo maganizo amenewa ndi amene madokotala amatsatira pa nkhani zambiri zotere. Chifukwa chake n'chakuti opaleshoni yachiwiri ndi yaikulu kuposa yoyamba. Imatenga nthawi yaitali, pochotsa chitsulo fupa lina limapita nacho, ngozi ya mabakiteriya ndi yokulirapo, ndipo bondo lachiwiri kawirikawiri silipindika bwino kapena kukhalitsa ngati loyamba.

Kumbali ina, kudikira mopitirira kuli ndi mtengo wake. Kapulasitiki kakapezeka kuti kakutha pamene zitsulo zikadali zolimba pa fupa ndiponso zili pamalo ake, nthawi zina dokotala amangosintha kapulasitikiko, imene ndi opaleshoni yocheperako. Fupa likadyeka kwambiri, pamafunika kuchotsa zonse n'kuika zitsulo za mapesi aatali olowa mkati mwa fupa, pamodzi ndi zidutswa zodzaza pamene padyeka. Pakakhala mabakiteriya a nthawi yaitali, kawirikawiri pamachitika maopaleshoni awiri, yoyamba yochotsa zonse n'kuika simenti yosakaniza ndi maantibayotiki, kenako milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ya mankhwala, ndiye yachiwiri yoika bondo latsopano. Kwa ine, chofunika kwambiri pa chisankho chimenechi si dzina limene lili pa chilengezo, koma zimene zithunzi ziwiri zojambulidwa nthawi zosiyana zikuonetsa. Ndi bwinonso kumva maganizo a dokotala wachiwiri, makamaka amene amachita maopaleshoni okonzanso mawondo kawirikawiri, ndipo dokotala wabwino sakhumudwa ndi zimenezi.

Mukagwirizana za opaleshoni, kapena ngati mukuyembekezera yoyamba kumene, funsani za chipangizo chimene akufuna kukuikani. Chatsopano pamsika si ndiye kuti ndi chabwino koposa. Ku United States mawondo ambiri amaloledwa kugulitsidwa kudzera m'njira yotchedwa 510(k), imene kampani imangoonetsa kuti chipangizo chake n'chofanana kwambiri ndi china chimene chili kale pamsika, nthawi zambiri popanda kuchiyesa kaye kwa zaka mwa anthu. Umboni weniweni umabwera pambuyo pake, kuchokera m'kaundula amene amalemba bondo lililonse loikidwa ndi lililonse lochotsedwa. Dziko la Sweden linayamba kaundula wa mawondo mu 1975, Australia inakhazikitsa wake mu 1999, ndipo wa England ndi Wales anayamba kulemba mu 2003. Ku Britain kulinso gulu la ODEP limene limapereka magiredi monga 10A, pamene nambala imatchula zaka zimene chipangizo chatsatiridwa ndipo chilembo chimatchula mphamvu ya umboni. Funsani dokotala kuti chipangizocho chili ndi zaka zingati za umboni wotere, komanso kuti iye wachiika kangati, pakuti chipangizo chabwino m'manja osachizolowera chimatha kuikidwa mopendekeka.

Malisiti, malipoti ndi chidutswa chochotsedwa

Sungani lisiti lililonse la kuchipatala, la mankhwala ndi la ulendo, komanso umboni wa masiku amene simunagwire ntchito. Makampani ena akaitanitsa chipangizo amakhazikitsa njira yobwezera ndalama zimene wodwala wawononga, ndipo ena amalipira chipukuta misozi khoti likalowererapo. Kampani ya Sulzer, imene mu 2000 ndi 2001 zitsulo zake za m'chiuno ndi timbale ta m'bondo zinapezeka ndi mafuta a makina otsalira amene ankalepheretsa fupa kumera n'kugwira chitsulo, inagwirizana mu 2002 kulipira pafupifupi madola 1 biliyoni. Koma zimenezi sizichitika nthawi zonse, ndipo Exactech inapita kukhoti mu October 2024 kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake, zimene zinasintha kayendedwe ka milandu ya odwala ambiri. Dziko lililonse lili ndi malire a nthawi imene munthu angasumire, ndipo m'malo ambiri nthawiyo imayamba kuwerengedwa pamene munadziwa za vutolo, choncho ngati mukuganiza za mlandu, funsani loya msanga. Pepala lililonse lochokera ku kampani kapena kwa oimira kampani muliwerenge modekha musanasaine, chifukwa lina limapatsa kampaniyo chilolezo choona fayilo yanu yonse, ndipo lina limatha kukutsekerani njira yodzapempha zambiri m'tsogolo.

Nenaninso vutolo ku bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala la m'dziko limene mukukhala. Ku United States wodwala angathe kudzilembera yekha lipoti kudzera mu MedWatch, ndipo ku Britain kudzera mu Yellow Card. Lipoti limodzi limaoneka ngati lopanda mphamvu, koma mavuto ambiri amene tatchulawa anadziwika chifukwa malipoti ofanana anachuluka mpaka wina anafunsa chifukwa chake.

Chomaliza kuchikonza opaleshoni isanachitike ndi za zidutswa zimene zichotsedwe. Kapulasitiki kamene kawonongeka ndi mpweya nthawi zambiri kamatuluka katasintha mtundu n'kukhala kachikasu, pamwamba pake patasendeka mapalemapale kapena patang'ambika m'mphepete, ndipo katswiri akakayeza angathe kusiyanitsa kutha kwa masiku onse ndi kufooka kochokera ku fakitale. Kameneka ndi umboni wamphamvu kuposa pepala lililonse, ndipo kakasowa sikabwerera. Malamulo a zipatala pa nkhaniyi amasiyana, ena amasunga, ena amatumiza ku kampani, ena amataya. Lemberani dokotala ndi chipatala kalata masiku angapo opaleshoni isanafike, yopempha kuti zidutswa zonse zijambulidwe, zisungidwe m'chotengera cholembedwa dzina lanu ndi tsiku, ndiponso kuti zisaperekedwe kwa wina aliyense popanda chilolezo chanu. M'mawa wa tsiku la opaleshoni, musanabayidwe mankhwala ogonetsa, kumbutsaninso dokotala ndi namwino wa m'chipindamo, chifukwa zimene zachotsedwa m'thupi popanda malangizo zimatha kupita ku zinyalala za chipatala ola lomwelo.